Musawakwapule ndi nkhani ya Fanny Crosby

Mayi wina wanditumizira imelo. Amuna awo anasiya kuona chaka chatha chifukwa cha matenda a shuga, kwaya anasiya, ndipo abusa atabwera kudzawazonda anawauza kuti atengere chitsanzo kwa Fanny Crosby, mayi wolemba nyimbo za m'tchalitchi, yemwe ankayamika Mulungu ali wosaona. Funso lawo nali: kodi kukwiya kwa amuna anga ndi kuchepa kwa chikhulupiriro?

Mayi, imelo yanu ndaigonera masiku atatu chifukwa yandikanda pachilonda. Bambo anga anasiya kuona atakula kale. Tsiku lina ndinawapeza akupapasa khoma kufuna chitseko cha kuchipinda kwawo, m'nyumba yomanga okha. Ine ndi pakamwa pangapa ndinayamba kuwasimbira za Crosby yemweyo, ati ndiwalimbitse mtima. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anangoti, "Wamaliza mwanangu? Ndilondolere pampando." Ndikakumbukira, manyazi amandigwirabe.

Bambo atamwalira ndi pamene ndinawerenga mbiri ya mayiyu mofatsa, ndipo momwe timamulalikirira zinandinyansa. Crosby anabadwa mu 1820 m'chigawo cha New York ku America, nasiya kuona ali ndi milungu 6 yokha. Iye mwini ankati anamuwononga maso ndi munthu wina amene anamuika mankhwala otentha. Ndiye kuti sankakumbukira nkhope ya mayi ake kapena mtundu wa thambo. Amuna anu akukumbukira zonse, nkhope yanu, manotsi a nyimbo, njira ya kutchalitchi. Tingawayeze bwanji pa sikelo imodzi anthu awiriwa?

Komanso paguwa timadumpha anthu amene anamunyamula. Bambo ake anamwalira iye asanathe chaka, mayi ake n'kupita kukagwira ntchito zam'nyumba, ndipo agogo ake a Eunice ndiwo ankakhala naye n'kumamufotokozera mbalame, maluwa ndi kulowa kwa dzuwa. Mayi wina, a Hawley, ankamulowezetsa Baibulo machaputala angapo sabata iliyonse mpaka Mauthenga Abwino onse anayi anali m'mutu. Mu 1835 analowa sukulu ya osaona mumzinda wa New York, komwe pambuyo pake anaphunzitsako.   Nyimbo zake zoposa 8,000 ankazipeka mumtima, wina n'kumalemba. Kulikonse m'mbiri yake mupezamo dzanja la munthu wina.

Ndipo musaganize kuti moyo wake unali kuseka kokhakokha. Mu 1849 kolera inapha ana pasukulu yawo iye akuwadwazika. Mu 1858 anakwatiwa ndi Alexander van Alstyne, woimba limba yemwenso anali wosaona, ndipo mwana wawo yekhayo anamwalira ali khanda. Za mwanayo sankakonda kuzikamba. Wolemba nyimbo ya Blessed Assurance mu 1873 anali mayi woika mwana m'manda, wolandira dola imodzi kapena madola awiri pa nyimbo, wokhala m'nyumba za lendi kumadera a osauka ku Manhattan mumzinda wa New York, amene pambuyo pake ankacheza ndi zidakwa ku Bowery Mission, malo othandizira osauka mumzindawo. N'zoona ananena kuti akanasankha kukhalabe wosaona kuti nkhope yoyamba kuiona idzakhale ya Yesu. Koma ananena yekha, za maso ake, atakhala nalo vutolo zaka zambirimbiri. Mawu omwewo akatuluka pakamwa pa ife openya, kulozera munthu amene sanathe n'chaka chomwe, amasanduka chikwapu. Sindikunyoza abusa anu, poti inenso ndinachita zomwezo. Kungoti ife openya timafulumira kutonthoza kuti tichokepo msanga.

Nanga muchite chiyani?

Ayi mayi, si kuchepa kwa chikhulupiriro. Amuna anu ali pamaliro a maso awo, asiyeni alire. M'Masalimo muli anthu ambiri olankhula ndi Mulungu mokwiya, ndipo sanawachotsemo. Katundu wam'nyumba musamasunthe osawauza. Mukalowa m'chipinda muzinena kuti ndinu, mukamatuluka muzitsanzika. Kuchipatala musadumphe, shuga sathera m'maso mokha. Funsaninso za maphunziro oyenda ndi ndodo. Pemphani mnzawo mmodzi wa kukwaya azibwera madzulo kudzaimba nawo pakhonde, osati kudzalalikira. Akakana, abwerenso sabata yamawa.