Mayi, madola 20 amenewo asungeni kaye

Mayi wina wa ku Mufakose, kuno ku Harare, wandilembera imelo. Mwana wawo wa Fomu 4 akuwavutitsa kuti azimulipirira ChatGPT, pulogalamu ya AI (makina oyankha mafunso ngati munthu), ya madola 20 pamwezi, ati anzake onse ali nayo. Akufunsa ngati n'zofunikadi.

Mayi, funso lanuli landikhudza chifukwa nafenso kunyumba tili pa mkangano wa AI, kungoti wathu ndi wa chithunzi. Tili ndi chithunzi chimodzi chokha cha malemu agogo aamuna, chojambulidwa atangofika kuchokera ku Dedza, mzinda uno ukadali Salisbury. Chilibe mitundu, chinapindika pakona, ndipo dontho la madzi linafufuta khutu limodzi. Mdzukulu wa achemwali anga anachijambula ndi foni n'kuchiika mu pulogalamu ina yaulere kuti achikonze. Chinatuluka chowala, jekete yabuluu, mano oyera mbee. Koma mpata wa m'mano umene ambiri pabanja pathu tinatengera unatsekeka, mphuno inasongoka, chipsera cha pamphumi chinasowa. Achemwali atachiona anafunsa kuti, "Bambo amenewa ndi a kwa yani?" Apo n'kuti ana atachitumiza kale pagulu la abale la WhatsApp, chafika ku Dedza ndi ku Johannesburg. Pano ena akufuna chisindikizidwe pa malaya a tsiku la chiliza. Ine ndakana, ndipo sindisintha. Makinawa sakumbukira agogo. Pamene pafufutika amangoikapo nkhope yofanana ndi zambirimbiri zimene anaphunzirapo, ndipo amachita zimenezi mopanda manyazi.

Kuno ambirife AI timaigwiritsa ntchito pa zoterezi: zithunzi, zikwangwani za msonkhano wa tchalitchi, kalata yofunsira ntchito, homuweki. ChatGPT itatuluka mu November 2022, kuno sinkatseguka n'komwe, anyamata ochenjera ankachita kuzembera pa VPN, pulogalamu yobisa dziko limene munthu ali. Imene inalowa m'nyumba za ku Mbare ndi ku Mabvuku ndi Meta AI, kamkombero kaja kanangotulukira mu WhatsApp mu April 2024, mwezi womwe ndalama ya ZiG inayamba. Zimbabwe, Malawi ndi Zambia anali m'gulu la mayiko oyambirira kuilandira kunja kwa America. Sinafune kadi ya kubanki kapena malo ena mufoni, inatipeza pomwe tinali kale.

Zinazi zimangobwera ngati fashoni ya nsalu. Mu January 2025 aliyense anali pa DeepSeek ya ku China, poti ndi yaulere. Pofika March, anthu anali kalikiliki kusandutsa nkhope zawo kukhala makatuni, mpaka akuluakulu a mpingo amene ndimawalemekeza. Ndiye mwana akamati anzake onse amalipira, ine sindikhulupirira. Mwina alipo mmodzi amene malume ake ali ku UK, ndipo mmodziyo wakwana kusokoneza kalasi yonse.

Nanga za mayeso?

Apa ndiye ndimakwiya. Mwana amene wazolowera kuti foni izimulembera nkhani ya Chingerezi akalowa m'chipinda cha mayeso a boma a ZIMSEC ali ndi cholembera chokha. Komanso mapulogalamuwa, olipira ndi aulere omwe, amatha kupeka yankho n'kulinena molimba mtima, makamaka pa mbiri ya kuno kwathu ndi pa Chishona.

Tsono Mayi, musalipire. ChatGPT yaulere ilipo, Gemini ya Google ilinso ndi yaulere, ndipo zikwanira kumufotokozera masamu amene sanamve m'kalasi. Aziyamba wayesa yekha, kenako afunse pamene walakwitsa, yankholo aliyerekeze ndi buku. Mukadzaganiza zolipira, dziwani kuti pamafunika kadi ngati Visa kapena Mastercard, ndipo ndalama imachotsedwa yokha mwezi uliwonse mpaka mutaletsa nokha.