Mzinda ukabwereka ndalama, amabweza ndi ndani? Zimene zinachitika ku Harrisburg

Bambo, mwafunsa ngati n'zoona kuti mabondi a mzinda waung'ono ku America ndi malo otetezeka osungirako ndalama, popeza amene akukulangizani akuti mzinda sungalephere kubweza ngongole chifukwa umatolera msonkho chaka ndi chaka. Mawu amenewo ali ndi choonadi chake, pakuti mizinda yolephera kulipira ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi makampani, koma ndikukupemphani kuti musawalandire musanafufuze kuti msonkhowo umachokera kwa ndani, ndiponso kuti mzindawo unalonjeza zotani kunja kwa bajeti yake.

Bondi ndi kalata ya ngongole: mumabwereketsa mzinda ndalama, iwo umakulipirani chiwongoladzanja, kawirikawiri kawiri pa chaka, ndipo nthawi ikakwana umakubwezerani ndalama zanu. Mtundu wina, wotchedwa general obligation, umabwezedwa ndi misonkho ya mzinda wonse, makamaka ya nyumba ndi malo, pamene wina, wotchedwa revenue bond, umadalira ndalama zolowa pa ntchito imodzi yokha, monga yogulitsa madzi. Chimene chimakopa anthu n'chakuti chiwongoladzanja cha mabondi ambiri otere sichidulidwa msonkho wa boma lalikulu la dzikolo.

Taonani mzinda wa Harrisburg, likulu la chigawo cha Pennsylvania ku America, umene uli m'mphepete mwa mtsinje wa Susquehanna. M'chaka cha 1950 munali anthu pafupifupi 90,000, koma pofika 2010 anali osakwana 50,000, chifukwa mabanja ambiri opeza bwino anasamukira m'madera ozungulira. Komanso pafupifupi theka la malo a mumzindamo salipira msonkho, popeza ndi nyumba za boma, matchalitchi, zipatala ndi masukulu. M'mawa uliwonse milatho ya pa mtsinjewo imadzaza ndi magalimoto a ogwira ntchito m'boma amene amayenda pa misewu ya mzindawo ndi kudalira apolisi ndi ozimitsa moto ake, koma madzulo amawolokanso kubwerera kwawo, kumene amakalipira msonkho wa nyumba zawo. Munthu woona nyumba yokongola ya malamulo ya Pennsylvania imene ili mumzindamo angaganize kuti mzindawu ndi wolemera, chikhalirecho mtolo wonse uli pamutu pa anthu ochepa otsalamo, ambiri a iwo osauka.

Chimene chinaugwetsa ndi fakitale yotentha zinyalala imene inatsegulidwa mu 1972. Inkavutavuta kwa zaka zambiri mpaka inatsekedwa mu 2003 chifukwa cha utsi wapoizoni, ndipo chaka chomwecho, Stephen Reed ali meya, anabwereka ndalama zokwana $125 miliyoni kuti aikonze. Chiyembekezo chinali chakuti ndalama zolipiritsa otaya zinyalala, pamodzi ndi zogulitsa magetsi opangidwa pamenepo, zidzabweza ngongoleyo. Kampani imene inapatsidwa ntchitoyo inalephera kuimaliza, anabwerekanso zina, ndipo ngongole inapitirira $300 miliyoni.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Wobwereka pa mapepala sunali mzinda weniweniwo ayi, linali bungwe lapadera lotchedwa Harrisburg Authority, ndipo mabondiwo anali a mtundu wodalira ndalama za fakitale. Koma mzinda unasaina kuti bungwelo likalephera udzalipira ndiwo, ndipo boma la dera la Dauphin County, m'mene muli mzinda wa Harrisburg, nalo linaimira gawo lina la ngongoleyo. Choncho munthu amene akanangowerenga bajeti ya mzinda sakanaona kukula kwa dzenje limene linali kutsogolo. Mu 2010 ndalama zofunika kulipira pa ngongole ya fakitaleyo m'chaka chimodzi chokha zinali zofanana kukula ndi bajeti yonse yoyendetsera mzinda. Ine ndimaona kuti cholakwa chachikulu chinali siginecha imeneyi, yoikidwa ndi atsogoleri m'dzina la anthu amene sakanatha kuikwaniritsa ngakhale msonkho utakwezedwa motani.

Mu Okutobala 2011 khonsolo ya mzindawo inapita kukhoti kukapempha chitetezo kwa eni ngongole, koma mwezi wotsatira woweruza anakana pempholo, ndipo boma la Pennsylvania linaika munthu wake woyang'anira chuma cha mzindawo. Mu 2012 mzinda unadumpha malipiro ngakhale a mabondi ake enieni a general obligation, amene anthu amati ndi olimba koposa, ndipo amene anapulumutsa ogula ndi kampani ya inshuwalansi imene inaimira mabondiwo. Mu 2013 bungwe la SEC, loyang'anira misika ya ndalama, linaimba mzindawo mlandu wosocheretsa anthu pa zimene unkanena za chuma chake, pa nthawi imene malipoti ake a zachuma ankachedwa kutuluka. Kumapeto kwa chaka chomwecho fakitale inagulitsidwa kwa bungwe la zinyalala la dera loyandikana nalo la Lancaster County pa mtengo wa pafupifupi $130 miliyoni, malo oimikapo magalimoto anabwereketsidwa kwa zaka 40, ndipo msonkho wa pa malipiro a anthu okhala mumzindamo unali utakwera kale kuchoka pa 1 kufika pa 2 peresenti.

Si kulikonse kumene zimatha chimodzimodzi, chifukwa malamulo amasiyana. Ku Central Falls, kamzinda ka anthu pafupifupi 19,000 m'chigawo cha Rhode Island, kamene nako kanapita kukhoti kukapempha chitetezo kwa eni ngongole mu Ogasiti 2011, lamulo latsopano linaika eni mabondi patsogolo, motero iwo analandira zawo zonse pamene penshoni za apolisi ndi ozimitsa moto opuma ntchito zinadulidwa, ena mpaka ndi 55 peresenti. Wogula bondi anapulumuka, koma sindingakubisireni kuti zimandipweteka kuona amene analipira mtengo wake.

Musanatulutse ndalama, pezani chikalata chotchedwa official statement cha bondi imeneyo, chimene chimapezeka kwaulere pa tsamba la intaneti la EMMA. Muone ngati chiwerengero cha anthu ndi mtengo wa nyumba zikukwera kapena kutsika pa zaka khumi zapitazo, ndiponso ngati olipira msonkho akuluakulu ali ambiri kapena mzinda wonse ukudalira fakitale imodzi imene ikhoza kutsekedwa mawa. Mufufuze ngongole ya penshoni, koma koposa zonse muwerenge mosamala gawo lonena za ngongole za mabungwe ena zimene mzindawo unaimira. Mukapeza kuti lipoti lowerengedwa ndi akatswiri a zachuma lachedwa chaka chathunthu, bwererani kwa amene akukulangizaniwo akuuzeni chifukwa chake, ndipo akapanda kuyankha momveka, ndalama zanu zikhale kaye pomwe zili.