Funsani Amakaniko: Geji Ikunama, Kapena Injini Ikuwiradi?

Funso: Ndili ndi Land Cruiser yakale ya injini ya 1HZ. Makaniko wina anachotsa thermostat, ati dziko lathu ndi lotentha ndiye siifunika. Panopa m'mawa muvi wa geji ya kutentha kwa injini sukwera ngakhale nditayenda mtunda wautali, koma ndikamakwera Chiweta nditasenza katundu umafika pafupi ndi pofiira. Vuto lili pati? *Wowerenga wa ku Karonga*

Yankho: Bambo, bwezerani thermostat. Chizolowezi chochotsa thermostat chafala m'magaraja athu ambiri ndipo chapha injini zabwino zomwe zikanayenda zaka zina zambiri.

Ntchito ya thermostat ndi kusunga injini pa mlingo umodzi wa kutentha. Mkati mwake muli phula lomwe limatupa likatenthedwa n'kukankha chitseko kuti madzi adutse ku radiyeta. Injini ikadali yozizira chitsekocho chimakhala chotseka, madzi amazungulira mu injini mokha kudzera pa kanjira kachidule, bypass, ndipo injini imafunda msanga. Pa injini zambiri za Toyota, thermostat ili ndi kambale kachiwiri kunsi kwake. Chitseko cha ku radiyeta chikamatseguka, kambaleka kamapita kukatseka kanjira kachidule kaja. Mukaichotsa, kanjirako kamakhala kotsegula nthawi zonse, ndipo gawo lina la madzi otentha limangobwerera mu injini osapita ku radiyeta. Pa msewu wosalala simuona kanthu. Pa chikweza, injini ikamakoka mwamphamvu pa giya yaing'ono, madzi aja amalephera kuzizira. N'chifukwa chake galimoto yanu ikuzizira m'mawa n'kumatentha pa Chiweta: zonse ziwiri zikuchokera pa chinthu chimodzi.

Kuzizira kumenekonso si kwabwino. Dizilo sapsa bwino mu injini yozizira, wina amatsuka oyilo m'makoma a silinda, mwaye ndi chinyezi zimachuluka mu oyilo, maring'i amadyeka msanga, ndipo mafuta amatha mofulumira.

Pogula yatsopano, onani nambala yodindidwa pa thupi lake. Imeneyo ndi madigiri omwe imayambira kutseguka, ndipo igwirizane ndi yomwe buku la injini yanu likunena. Pamsika pamapezeka za 76, 82 ndi 88, ndiye musangotola yomwe ikukwana pabowo. Ikhalenso ndi kambale ka kunsi kaja. Musanaiike iyeseni: imangeni ndi kawaya, muilendewetse mumphika wa madzi osagunda pansi, muike thermometer, n'kuyamba kutenthetsa. Iyambe kutseguka pafupi ndi nambala yake, kusiyana kusapitirire madigiri awiri kapena atatu, ndipo madzi asanawire ikhale itatseguka yonse, mpata wa mamilimita 8 mpaka 10. Mukaichotsa m'madzi itsekeke yokha mpaka kumapeto. Yotsala pakati, tayani.

Poika, kabowo kakang'ono kokhala ndi kachitsulo kogwedera kayang'ane m'mwamba, chifukwa mpweya umatulukira pamenepo. Ikani gasiketi yatsopano. Thirani madzi osakaniza ndi coolant, theka ndi theka ngati coolant wake ndi wosasungunula, ndipo pewani madzi a pamjigo chifukwa mchere wake umatseka timapaipi ta radiyeta. Imikani galimoto kutsogolo kuli kokwera, tsegulani hita ya m'kati mpaka kumapeto, lizani injini chivindikiro cha radiyeta chili chochotsa, n'kumawonjezera madzi mpaka thovu litasiya kutuluka.

Koma kumbukirani kuti makaniko uja sanachotse thermostat popanda chifukwa. N'kutheka kuti galimotoyo inali itayamba kale kutentha, ndipo chomwe chinkaitenthetsa chikadalipo. Yambani ndi fani. Fani ya 1HZ imazungulira kudzera pa viscous coupling, yomwe mkati mwake muli mafuta a silicone. Mafutawa akatha mphamvu kapena akadontha, fani imaoneka ikuzungulira koma siikoka mphepo. Zimitsani injini ili yotentha ndithu, muizungulitse ndi dzanja: ikhale yolimba. Ikamapita yokha mopepuka, coupling yatha. Kenako onani chivindikiro cha radiyeta. Zambiri za Toyota zimalembedwa 0.9, kutanthauza mphamvu ya presha yomwe zimasunga m'radiyeta, ndipo mphamvu imeneyi imakweza mlingo wowirira madzi kufika pafupifupi madigiri 118. Rabala wake akang'ambika, madzi amawira msanga, makamaka kumtunda ngati ku Mzuzu kapena ku Dedza komwe madzi amawira asanafike madigiri 100. Pomaliza suzumirani pakati pa radiyeta ndi condenser ya air conditioner. Galimoto yoyenda m'tchire imadzaza pamenepo ndi njere za udzu ndi matope ouma. Tsukani ndi madzi osathamanga kwambiri kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo.

Funso: Pa Hilux yanga yakale, ndikayatsa nyale zakutsogolo muvi wa kutentha umadumpha pang'ono kupita m'mwamba. Ndikazimitsa umatsika. Injini ikuvutika ndi nyale? *Wowerenga wa ku Mchinji*

Yankho: Ayi achimwene, madzi a mu injini sangatenthe n'kuzizira m'kuphethira kwa diso. Muvi ukamayenda limodzi ndi switch, vuto ndi la magetsi, ndipo kawirikawiri ndi earth, njira yomwe magetsi amabwererera ku batire.

Geji imawerenga magetsi odutsa mu sender, kachitsulo komangidwa pa injini komwe kamalola magetsi ambiri kudutsa pamene madzi akutentha. Sender imabwezera magetsi kudzera mu thupi la injini, pamene geji ndi nyale zimabwezera kudzera mu bodi. Nthambo yolumikiza injini, bodi ndi batire ikachita dzimbiri, mbali ziwirizi zimasiyana, ndipo geji imawerenga kusiyanako ngati kutentha. Tengani multimeter, muiike pa DC, injini ikulira ndi nyale zoyaka. Yezani pakati pa negative ya batire ndi thupi la injini, kenako pakati pa negative ndi bodi. Ikapitirira mavoti 0.2, masulani nthambozo, palani ndi sandpaper mpaka chitsulo chiwale, mangani zolimba n'kupaka girisi pamwamba. Yang'ananinso kawaya ka earth kuseri kwa dashibodi, chifukwa misewu ya mabampu imakamasula. Muyezenso alternator: pa batire pazioneka mavoti apakati pa 13.8 ndi 14.4.

Eni Land Rover Series III, dziwani ichi. Geji ya mafuta ndi ya kutentha zimadyera pa kabokosi kamodzi kuseri kwa mageji, voltage stabiliser, komwe kamapereka pafupifupi mavoti 10. Zonse ziwiri zikayamba kuwerenga mokwera nthawi imodzi, thanki n'kumaoneka yodzaza kuposa mafuta omwe mwathira, kabokosiko kafa kapena kataya earth.

Funso: Ndinasintha sender chifukwa yakale inkadontha. Tsopano muvi sukusuntha n'komwe. Geji yapsa? *Wowerenga wa ku Zomba*

Yankho: Mayi, geji imapsa mwa apo ndi apo. Chotsani waya pa sender, tsegulani kiyi, wina agunditse wayayo pa thupi la injini inu mukuyang'ana. Muvi ukathamangira ku H, mbali yotentha, geji ndi waya zili bwino. Musagunditse kupitirira masekondi awiri kapena atatu, mungaiwotchedi. Funsani amene anamanga ngati anakulunga thread tape pa mazinga. Sender ya waya mmodzi imapeza earth kudzera pa mazinga omwewo, ndipo tepi imadula njirayo. Onaninso ngati anakugulitsani sender yeniyeni, chifukwa switch yoyatsira nyale yochenjeza kapena fani imafanana nayo maonekedwe koma siingayendetse muvi.

Funso: Defender yathu ya 300Tdi yapsa gasiketi ndipo head, gawo la pamwamba la injini, yapindika, koma dalaivala akulumbira kuti muvi sunafike pofiira, mwinanso unatsika. Akunama? *Wowerenga wa ku Lilongwe*

Yankho: N'kutheka kwambiri kuti akunena zoona, musafulumire kumuweruza. Sender imawerenga madzi omwe akuikhudza. Pa 300Tdi ili pamwamba pa injini, pafupi ndi thermostat, ndiye madzi akatayika iyo ndi yoyamba kutsala pouma. Ikatsala mu mpweya, muvi umakhala pakati kapena kutsika kumene, uku head ya aluminiyamu ikupsa. Muvi wotsika mwadzidzidzi muli paulendo, kapena hita yoyamba kutulutsa mphepo yozizira, ndi chizindikiro choti muimike galimoto pomwepo.

Pokonza, fufuzani komwe madzi anathawira, apo ayi head yatsopano ipsanso. Malo odziwika pa injini imeneyi ndi gasiketi ya kuseri kwa pampu ya madzi yomwe amaitcha P gasket, zotsekera ziwiri za pulasitiki, china pamwamba pa radiyeta china pa nyumba ya thermostat, ndi thanki ya madzi yomwe imang'ambika pa msoko. Zotsekerazo zisintheni ndi za brass. Pothira madzi muzitsegule zonse ziwiri kuti mpweya utuluke, chifukwa 300Tdi imasunga mpweya mosavuta. Thermostat yake ndi ya madigiri 88.

Tikulangiza kuti muikitse alamu yolira madzi akachepa m'thanki, chifukwa geji payokha singakuuzeni zimenezo. Pezaninso thermometer ya infrared. Injini ikafunda, lozani pa nyumba ya thermostat n'kuyerekeza ndi pomwe muvi waima, kuti mudziwe madigiri enieni omwe "pakati" pa geji yanu pakuimira. Dalaivala azisuzumira mlingo wa madzi m'mawa uliwonse injini isanalire, ndipo asamatsegule chivindikiro injini ili yotentha.