Anti, chipinda chimodzi anthu anayi, ndidziteteza bwanji ku Covid?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina amene wasankhidwa kupita ku yunivesite, dzina sinditchula. Mwachidule akuti: "Anti, mwezi wamawa ndikupita kukayamba chaka choyamba koma malo ku hositelo sindinapeze nde ndikakhala kunja, chipinda chimodzi anthu anayi. Ndili ndi mphumu kuyambira ndili mwana ndipo mayi akuopa kwambiri mpaka akuti mwina ndidikire chaka chamawa. Andigulira sanitayiza botolo lalikulu ndi masiki. Kodi zimenezi zikwanira? Nditani kuti ndisakadwale?"

Mwana wanga, choyamba zikomo pondikhulupirira, komanso wachita bwino kwambiri, malo a ku yunivesite kuno kwathu sabwera mwamasewera. Yankho langa ndi lakuti pita kusukulu. Koma mantha a mayi akowo usawapeputse chifukwa ali ndi pochokera. Tonse tikukumbuka sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 matendawa asanapezeke nkomwe m'dziko muno, kenako pa 2 Epulo kunalengezedwa anthu oyamba, ambiri timvekere ndi matenda a azungu ndi anthu okwera ndege. Nde kunabwera Januwale wa 2021 uja, pa 12 nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, anatisiya tsiku limodzi, mzipatala anthu akulimbirana mpweya wa okosijeni, pa WhatsApp uthenga wa maliro m'mawa uliwonse. Mu Julaye kunabweranso mtundu wina wa kachilomboka wotchedwa Delta. Mayi amene anaona zonsezo sangamutulutse mwana wa mphumu pakhomo mtima uli m'malo, amvetse.

Tsono funso lako, sanitayiza ndi masiki zikwanira? Ayi sizikwanira, ndipo ndikuuze chifukwa chake poti apa ndi pamene ambiri timasokonekera. Tinazolowera zoti Covid ndi nkhani ya m'manja chifukwa pakhomo la shopu iliyonse panali ndowa ya kampopi ndi sopo. Kusamba m'manja nkwabwino, pitiriza, ndi sopo masekondi 20, kumakutetezanso ku matenda otsegula m'mimba amene m'malo okhala ana asukulu sasowa. Koma kachilomboka kamayenda kwambiri mumpweya. Munthu akamapuma, akamayankhula, akamaseka, akamayimba, amatulutsa timadontho ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, tina timagwa pompo koma tina timayandama m'chipindamo kwa nthawi. Uziganiza ngati utsi wa fodya, wina akasuta panja pabwalo suumva kwenikweni koma akasuta m'chipinda chotseka mawindo aliyense amaupuma ngakhale amene ali pakona. Ndiye malo oopsa kwa iwe si pamsewu kapena pamsika wa panja ayi, ndi chipinda chako chomwecho chimene muzigonamo anthu anayi usiku wonse opanda masiki, kenako kalasi yodzadza, minibasi yotseka magalasi, ndi chipinda chimene muzipanikizanamo popanga ma diskashoni mayeso akayandikira.

Nchifukwa chake ndikuti nkhani yaikulu ndi ma mesho ako, anzako ogona nawo chipinda chimodzi. Thanzi lako kumeneko lili m'manja mwa anthu atatu amene mwina sunawaonepo, ndipo lawo lili m'manja mwako. Sabata yoyamba yomweyo musanazolowerane mpaka kumaopana kukhumudwitsana, khalani pansi mukambirane. Sizifunika msonkhano wa ajenda, pomwe mukudya nsima ya soya pisi ungoyambitsa, uwauze kuti ine ndili ndi mphumu guys, chimfine chimene kwa inu nchaching'ono ine chimandigwetsa, tiyeni tigwirizane kuti wina akayamba kumva kuphwanya m'thupi, kukhosi kukanda, mutu, kapena chakudya osachimva kukoma, azinena tsiku lomwelo osabisa. Ndikulimbikira pa kubisapa chifukwa ndi khalidwe limene limafalitsa matendawa kwambiri pasukulu. Mwana wasukulu amabisa poopa kuti amusala, poopa kuti aphonya mayeso kenako alemba ma sapu (mayeso obwereza) kapena awididwa (achotsedwa sukulu), nde amangomwa Panado nkukakhala pakati pa anzake 200 mu holo. Choipanso nchakuti munthu amatha kupatsira anzake tsiku limodzi kapena awiri asanayambe kumva chilichonse, ndipo achinyamata ambiri samva nkomwe kudwala. Ndiye amene wayamba kale kutsokomola akabisanso, chipinda chonse chapita. Ndipo mgwirizanowo ukhale ndi mbali yachiwiri, kuti amene wanena kuti sakupeza bwino simumunyoza, mumupititsira madzi, mumugulira chakudya, mumujambulira manotsi pa foni. Munthu sanganene zoona ngati akudziwa kuti akanena atayidwa.

Za mawindo. Ndikudziwa zimene uyankhe, kuti Anti kumazizira, kuli udzudzu, komanso akuba amawedza mafoni pawindo ndi kamtengo. Zonsezo nzoona, amene anakhalako ku Chikanda ku Zomba kapena ku Luwinga ku Mzuzu mwezi wa Juni akudziwa kuzizira kwake. Komabe pofuna nyumba, ngati mpata wosankha ulipo, yang'ana chipinda cha mawindo otseguka okhala ndi zitsulo, bola chikhale patali pang'ono kusiyana ndi chapafupi chokhala ndi kawindo kamodzi kokhomedwa ndi misomali. Masana windo ndi chitseko zikhale zotsegula mpweya uzidutsa, usiku siyani kampata, foni ndi laputopu kutali ndi windo, neti ya udzudzu ukunge, bulangete utenge lokwanira. Ndipo chonde chonde mbaula isalowe m'chipinda. Magetsi akazima ambiri amalowetsa mbaula kuti aphikire momwemo kapena aothe, makala amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali mtulo, ndiye kwa iwe wa mphumu ngakhale utsi wake wokha ndi wokwanira kukubanikitsa. Phikirani pakhonde.

Alendo ogona, apanso mugwirizane. Pasukulu pali chizolowezi chosungana, mnzako wasowa lendi nde mukugona awiri pabedi limodzi, ndi mtima wabwino ndipo sindingaunyoze poti ambiri anamaliza sukulu chifukwa cha chifundo chotero, koma nthawi imene matenda akwera anthu anayi asasanduke asanu ndi awiri. Zibwenzinso chimodzimodzi, muuzane poyera.

Masiki amene mayi akugulirawo azigwira ntchito pamalo oyenera. Ndimaona ambiri avala masiki akuyenda okha pamsewu dzuwa lili phwee, akalowa m'kalasi nkuitsitsira pachibwano kuti azicheza bwino, pamene pofunika ndi mkatimo. M'kalasi, mu layibulale, pamzere wa ku kafe, mu minibasi, itseke mphuno ndi pakamwa. Ngati ndi yansalu ikhale yophatikiza nsalu zitatu, ukhale nazo zingapo uzichapa ndi sopo tsiku lililonse nkuyanika padzuwa, yonyowa ndi thukuta sithandiza. M'kalasi fika msanga ukhale kufupi ndi windo kapena chitseko. Ma diskashoni kapangireni pansi pa mtengo, palibe chimene chimachepa pa masamu chifukwa mwawerengera panja. Ena amati wa mphumu asamavale masiki, sizoona, ambiri amavala bwinobwino, ukamva kubanika tuluka panja patali ndi anthu upume kaye.

Katemera. Sunanene ngati unabayitsa, nde ndikuganiza kuti mwina ayi. Kabayitse usananyamuke, ndipo thupi limafuna pafupifupi masabata awiri kuti chitetezo chikhwime choncho usadikire tsiku lonyamula chikwama. Mu 2021 katemera wa AstraZeneca ankabaya kawiri, wa Johnson & Johnson kamodzi. Ndikudziwa zimene zikuyenda m'magulupu, zoti sudzabereka, zoti ndi 666, zoti obayitsa onse afa pakatha zaka ziwiri. Zimandiwawa mtima chifukwa katemera anafika mu Malichi 2021, a Pulezidenti Lazarus Chakwera anabayitsa poyera ku Zomba anthu akuona, koma pofika Meyi boma linawotcha katemera oposa 19,000 amene anatha nthawi yake asanagwiritsidwe ntchito, kenako Delta atavuta anthu omwewo tinayamba kuthamangira mzipatala katemera atatha. Palibe umboni woti katemerayu amatseka mimba. Chimene ambiri amamva ndi mkono kuwawa, mutu, kutentha thupi tsiku limodzi kapena awiri. Sakulonjeza kuti sudzadwala konse, koma amachepetsa kwambiri zoti ukagonekedwe pa okosijeni, ndipo kwa munthu wa chifuwa ngati chako nkhani ndi imeneyo. Ngati mayi nawonso sanabayitse pitani limodzi.

Pa mphumu yakoyo, usananyamuke pita kuchipatala kumene umapita nthawi zonse akuone, utenge mankhwala okwanira, inhela imodzi izikhala m'chikwama chimene umayenda nacho osati pansi pa sutikesi. Ngati anakupatsa mankhwala ogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku usasiye chifukwa ukumva bwino, mphumu yosamalidwa bwino siopsa ngati yolekereredwa. Buku lako lakuchipatala litenge. Ukafika, tsiku loyamba lomwelo funsa kumene kuli kiliniki ya pasukulu ndi nthawi imene amatsegula, udziwenso chipatala chachikulu chapafupi ndi nambala ya wa kabaza kapena wa takisi amene angabwere usiku. Ma mesho ako adziwe pamene inhela imakhala.

Nanga ukadwala? Apa mvetsera bwino. Kuno kwathu thupi likangotentha timati malungo, nkuthamangira kukagula LA. Ena nthawi ya mliri anatembenuka, chilichonse amati Covid nkuyamba kudzifukiza. Onsewo akulakwitsa chifukwa matenda awiriwa amayamba mofanana, kutentha thupi, mutu, kuphwanya, ndipo malungo osachizidwa amatha kupha munthu wamphamvu m'masiku ochepa. Kayezetse zonse ziwiri, kuyeza malungo ndi kadontho ka magazi pachala mphindi zochepa zotsatira zatuluka. Akakupeza ndi Covid uza a kiliniki ndi ofesi yoona za ophunzira, tumiza uthenga kwa kilasi repu ndi ma lekichala, pepala lakuchipatala ulisunge ndi limene lidzakuyankhulire pa nkhani ya mayeso. Udzipatule, mu 2021 malangizo ankati masiku osachepera 10 kuchokera pamene wayamba kumva zizindikiro. M'chipinda cha anthu anayi kudzipatula nkovuta ndikudziwa, funsa ngati sukulu ili ndi malo osungirako odwala, ngati palibe bedi lako lisunthire kuwindo, nonse muvale masiki, kapu ndi mbale zako zikhale zako, anzakowo akayezetsenso. Usakwere basi kuthawira kunyumba, ukapatsira anthu ambirimbiri panjira kenako mayi ako.

Tiyi wa jinja ndi mandimu imwa, amafewetsa kukhosi ndipo madzi ambiri amafunika, koma sapha kachilombo. Kudzifukiza ndi masamba a bulugamu ine kwa iwe ndikuti ayi, nthunzi yotentha ndi fungo lamphamvu zimatha kuyambitsa mphumu, komanso anthu apsa nawo madzi owira atafunda bulangete. Ma antibayotiki ogula wekha ngati azithromycin sachiza Covid, amenewo ndi a mabakiteriya, umwe pokhapokha adokotala akulembera. Ndipo ukaona kuti ukubanika ngakhale utangokhala, inhela sikuthandiza, pachifuwa pakuwawa kapena kuthina, sukutha kumaliza chiganizo osapumira, milomo yasintha mtundu, kapena mutu wasokonekera, imeneyo si nkhani yodikira kuche. Kuchipatala nthawi yomweyo.

Zakudya sindinena zambiri poti ndikudziwa thumba la mwana wasukulu, ndalama ya loni imachedwa ndipo ikabwera imathera lendi. Koma usakhalire tchipisi cha pachiwaya ndi mandasi mwezi wonse. Nyemba, usipa, bonya, mazira, mtedza, masamba a mpiru kapena chisoso, nthochi, mango nyengo yake, zonsezi nzotchipa mukasonkherana anayi nkumaphika limodzi. Madzi akumwa ngati ukuwakayikira wiritsa kapena thira WaterGuard. Ugone mokwanira, zotchezera usiku wonse ndi khofi sabata ya mayeso zimafooketsa thupi nthawi yomwe mwadzadzana kwambiri mu holo.

Chinanso chimene sunafunse koma ndichinena, ndi mtima wako. Chaka choyamba nchovuta kale, kusowa kwanu, maphunziro achilendo, ndalama zosakwana, ndiye kuonjezapo mantha a matenda munthu utha kudzitsekera m'chipinda nkumangowerenga za maliro pa Facebook mpaka tulo kusowa. Sindikufuna kuti uchoke pa imelo ino ukuopa anthu. Peza anzako, sekani, kayendeni madzulo, sewera netiboli, kupemphera pita ungosankha pokhala podutsa mpweya. Ma pati a m'chipinda chotseka nthawi imene matenda akwera ndi amene ndikuti uwasiye kaye. Ukaona masabata akudutsa sukudya, sukugona, chilichonse sichikukusangalatsa, kapena maganizo oipa akubwera, uza munthu, kaya mlangizi wa pasukulu, kaya a kiliniki, kaya mayi ako. Ndipo ukaona mesho wako wasintha choncho usamusiye yekha, mufunse.

Mayi uwaonetse zimene ndalembazi, muwerengere limodzi, ndipo muike nthawi yoyimbirana foni kuti asamakhale ndi nkhawa akaona uli zii. Tsiku lotsekera sukulu ukamabwerera kunyumba ukumbukire kuti ukuchokera pagulu ndipo wadutsa mu basi, ndiye masiku oyambawo usathamangire kukakumbatira agogo kapena aliyense wa shuga ndi BP, chezani panja, ndipo ngati ukumva kachimfine kayezetse kaye usananyamuke.