Mpira ukukhotera kumanja: vuto ndi kagwiridwe ka ndodo kapena swing?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina wa ku Namiwawa amene wayamba gofu miyezi 8 yapitayo. Mwachidule akuti: "Ndimamenyera kumanja. Ndikamenya ndi driver (ndodo yaitali yomenyera patali) mpira umanyamuka bwinobwino koma ukafika pakati umakhotera kumanja mpaka kukagwera m'mitengo. Ndi 7-iron (ndodo yachitsulo yomenyera mtunda wapakatikati) umangokwera m'mwamba osafika patali. Golovesi yanga imabooka pachikhatho mwezi usanathe. Anzanga amati ndimadzutsa mutu msanga, caddie (wondinyamulira ndodo) amati sinditembenuza mapewa. Kodi n'kutheka kuti vuto lili pa mmene ndimagwirira ndodo?"

Bambo, n'kutheka kwambiri, ndipo mboni yanu ndi golovesiyo. Golovesi yobooka pa kanyama ka pachikhatho, m'munsi mwa kachala kakang'ono, imasonyeza kuti ndodo yagona m'chikhatho m'malo mwa m'zala, ndipo ikumasuntha pamene mukumenya. Za mutu zija zisiyeni kaye. Munthu akhoza kuyang'anitsitsa mpira mpaka maso kuwawa, koma ngati nkhope ya ndodo, mbali ya mutu wake imene imamenya mpira, yafika itayang'ana kumanja, mpira upita kumanja basi. Zonse zimene ndifotokoze pano ndi za womenyera kumanja ngati inu, amanzere mungotembenuza.

Chimene chimauza mpira kolowera ukamanyamuka, kwakukulu, ndi kumene nkhope ya ndodo yayang'ana pa nthawi imene yakumana ndi mpirawo. Kukhota kumabwera chifukwa cha kusiyana kwa kumene nkhope yayang'ana ndi kumene mutu wa ndodo ukulowera. Nkhope ikakhala yotseguka, ndiye kuti yayang'ana kumanja kwa njira imene mutuwo ukudutsa, mpira umazungulira mopendekeka n'kukhotera kumanja. Imeneyo ndiye slice yanuyo. Ikakhala yotsekeka, mpira umakhotera kumanzere, ndiye hook. Driver ndiyo imaulula zonsezi mopanda chisoni chifukwa nkhope yake ndi yoima, madigiri 9 mpaka 12 basi, pamene wedge, ndodo yaifupi yomenyera pafupi, ndi yopendekeka kwambiri ndipo imabisa zolakwa. Tsono kuchokera pamwamba pa swing, pamene mwakokera ndodo m'mbuyo mpaka pamapeto, kufika pa mpira sipatha ngakhale theka la sekondi. Nthawi yowongola nkhope muli m'kati motsika palibe. Zimene mwaika m'manja musanayambe ndi zimene mudzakolole.

Tiyambe ndi dzanja lamanzere, pakuti ndi pamene pagona nkhani. Musagwire ndodo mutu wake uli pansi. Inyamuleni ndi dzanja lamanja patsogolo panu, m'mphepete mwa nkhope muli choimirira. Tambasulani dzanja lamanzere, ndipo chogwirira chigone mopingasa kuchokera patsinde pa kachala kakang'ono mpaka pa mfundo yapakati ya chala chamkombaphala. Pindani zala, kenako tsitsani chikhatho kuti kanyama kaja kakhale pamwamba pa chogwirira, osati m'mbali mwake. Kumapeto kwa ndodo kutsale pafupifupi sentimita imodzi. Chala chachikulu chigone kumanja pang'ono kwa pakati pa chogwirira.

Pali mayeso osavuta. Ndodo ili patsogolo panu, masulani zala zonse kupatula chamkombaphala. Ngati mwagwira bwino, ndodo ilendewera yokha pakati pa chala chimenecho ndi kanyama kaja. Ikagwa, inali m'chikhatho. Kufunika kwake n'kwakuti ndodo ya m'chikhatho imamanga dzanja: pamene timavala wotchi sipapindika momasuka, mutu wa ndodo sukoka liwiro, ndipo pamwamba pa swing zala zimatseguka pang'ono n'kudzagwiranso potsika. Kukhuzana kumeneko ndiko kukudya golovesi yanu.

Mukatero tsitsani ndodo pansi muyang'ane dzanja lanu osasuntha mutu. Werengani timafupa ta patsinde pa zala timene mukutiona. Kamodzi kokha, kapena osaona kalikonse, ndiye kagwiridwe kamene amakatcha weak. Tiwiri kapena tiwiri ndi theka ndi kapakatikati. Titatu kapena tinayi ndi strong. Mayinawa amasokoneza anthu, chifukwa sakunena za mphamvu ya kufinya ayi, akunena za mmene dzanja latembenukira pa chogwirira. Onaninso mzere umene chala chachikulu ndi chamkombaphala zimapanga zikakumana, wooneka ngati V. Ukaloza chibwano, dzanja lili weak. Inu wanu uloze pakati pa khutu lamanja ndi phewa lamanja.

Chifukwa chake n'chakuti mkono uli ndi kalendeweredwe kake. Imani chilili, manja alendewere okha, muone dzanja lamanzere: silikhala chafulati m'mbali mwa ntchafu, limatembenukira m'kati, ndipo ambiri amaona timafupa tiwiri kapena titatu. Ndodo ikamatsika ndi liwiro imakoka mikono, ndipo dzanja limafuna kubwerera pamalo ake achibadwawo. Ngati munagwira mukuona kafupa kamodzi, dzanja likabwerera poti tioneke titatu limatenga nkhope ya ndodo n'kuitsegula. Simunalakwitse kanthu pa swing, munalakwitsa musanayambe.

Dzanja lamanja nalo ligwire ndi zala, makamaka ziwiri zapakati. Mzere wa pachikhatho wozungulira tsinde la chala chachikulu uphimbe chala chachikulu chamanzere, kuti chisaoneke. V yake iloze kumene yamanzere yaloza. Apa ndi pamene ambiri a slice amadziwonjezera mavuto: amakweza dzanja lamanja pamwamba pa chogwirira ngati agwira mpini wa khasu pofuna kutema. Likakwera chotero limakokera phewa lamanja kutsogolo, mapewa amayang'ana kumanzere kwa kumene mukufuna, ndipo ndodo imatsika modula mpira kuchokera kunja kulowa m'kati. Nkhope yotseguka, njira yodula, ziwirizi zikakumana mpira umapita ngati nthochi. Caddie wanu waona bwino kuti mapewa sali bwino, kungoti sanatchule chimene chawakhotetsa.

Za kalumikizidwe ka manja awiriwa sindichedwapo. Njira zilipo zitatu. Ina kachala kakang'ono kamanja kamakhala pamwamba, pakati pa chamkombaphala ndi chapakati chamanzere. Imadziwika ndi dzina la Harry Vardon, amene anapambana mpikisano wa The Open ka 6 pakati pa 1896 ndi 1914. Ina kachalako kamakolana ndi chamkombaphala, monga amagwirira akatswiri Jack Nicklaus, Tiger Woods ndi Rory McIlroy. Yachitatu zala zonse khumi zimakhudza chogwirira, ndipo imathandiza ana ndi amene zala zimawapweteka. Palibe mwa zitatuzi imene imachiza slice, ndipo ndimadabwa nthawi imene anthu amataya pokangana za izi. Chenjezo limodzi lokha: okolanitsa zala asazilowetse mpaka patsinde, chifukwa kutero kumakankhira ndodo m'zikhatho za manja onse awiri.

Kufinya. Ngati 10 ndi kufinya ndi mphamvu zanu zonse, khalani pa 4 kapena 5, ndipo mphamvuyo ikhale pa zala zitatu zomaliza zamanzere ndi ziwiri zapakati zamanja. Chala chachikulu ndi chamkombaphala chamanja zingokhudza. Mukaona mitsempha ya pamkono yatuluka musanayambe n'komwe, mwafinyitsa, ndipo mikono yolimba sitembenuka msanga kuti itseke nkhope.

Koma kuuza munthu kuti asafinye pamene ndodo ikuterera n'kumunamiza. Ambiri timayamba ndi ndodo zogula kwa anzathu kapena zobwera nazo kuchokera kunja zitagwira kale ntchito zaka zambiri, mphira wa chogwirira utauma mpaka kunyezimira. Chotere manja amachifinya okha, kaya mufune kaya musafune. Yambani mwachitsuka ndi madzi ofunda, sopo ndi kaburashi, mupukute ndi thaulo. Chikakhalabe choterera kapena chayamba ming'alu, sinthani, ndipo ngati ndalama sizikukwana zonse yambani ndi driver, 7-iron ndi wedge imene mumaigwiritsa ntchito kwambiri. Onaninso kukula kwake: mutagwira ndi dzanja lamanzere, nsonga za zala ziwiri zapakati zizingokhudza pang'ono kanyama ka chala chachikulu. Zikamalowa m'mnofu, chogwirira n'chaching'ono, ndipo posintha auzeni awonjezere tepi m'kati. Zikalephera kufika n'chachikulu, ndipo chachikulu chimachedwetsa manja, zimene munthu wa slice sakuzifuna.

Nyengo yathu nayo imalowererapo. Kutentha kwa Okutobala thukuta limanyowetsa golovesi musanafike pa dzenje lachisanu, choncho khalani ndi magolovesi awiri muzisinthanitsa, winayo aziuma atapachikidwa pa chikwama. Nthawi ya mvula, komanso m'mawa wa chiperoni pa Country Club Limbe pamene zala zimachita dzanzi, thaulo louma ndi lofunika kuposa ambulera. Malamulo a gofu amalola kuthira ufa woumitsa m'manja ngakhalenso kukulunga thaulo kapena mpango pa chogwirira pomenya. Chimene salola pa mpikisano ndi zogwirira zophunzirira zija zoumbidwa malo a zala.

Tsopano 7-iron yanu yokwera m'mwamba. Mbali ina ndi nkhope yotseguka yomweyo, chifukwa kutsegula nkhope kumawonjezera kupendekeka kwake, ndiye 7-iron imasanduka ngati 9-iron. Mbali ina ndi malo a manja. Poima ndi iron, manja akhale moyang'anizana ndi m'kati mwa ntchafu yamanzere, patsogolo pang'ono pa mpira, ndipo pakati pa mapeto a ndodo ndi ntchafu pakwane dzanja limodzi lotambasula. Pokumana ndi mpira manja afike patsogolo kuposa pamenepo, ndodo itapendekera kumene mpira ukupita, kuti imenye mpira kaye kenako nthaka. Oyamba kumene amachita zosiyana: amafuna kuthandiza mpira kukwera, ndiye dzanja lamanja limatunga ngati chikho, mutu wa ndodo n'kupitirira manja. M'miyezi ya mvula udzu wofewa umakhululuka. Mu Seputembala pa Blantyre Sports Club, pamalo pamene nthaka yauma gwa, ndodo imadumpha pansi n'kumenya mpira pamimba, mpirawo n'kuthamanga kudutsa green, malo a udzu wometedwa bwino pamene pali dzenje. Ndi driver musapendeketse ndodo chotero. Mpira uli moyang'anizana ndi chidendene chamanzere, ndodo ikhale pafupifupi yowongoka.

Pamwamba pa swing, wotchi ndiyo mphunzitsi wanu. Ivaleni kumanzere, kokani ndodo mpaka pamwamba, imani, muyang'ane. Ngati kuseri kwa dzanja kwapindikira ku wotchi mpaka khungu kuchita makwinya pamenepo, nkhope yatseguka, ndipo mudzaona nsonga ya mutu wa ndodo italoza pansi. Kuseri kwa dzanja kukhale pafupifupi mzere umodzi ndi mkono. Likapindikira mbali inayo, monga amachitira Dustin Johnson ndi Jon Rahm, nkhope imatsekeka n'kuyang'ana kumwamba. Musathamangire kutengera akatswiri musanadziwe matenda amene iwo akuchiza. Ben Hogan anatembenuzira dzanja lake ku weak chifukwa hook inamuvutitsa zaka zambiri, ndipo anthu a slice amene amatengera kagwiridwe kake amangowonjezera moto.

Kusintha kwake chitani motere. Ndi cholembera ikani timadontho pa golovesi, pa timafupa titatu toyamba kuchokera ku chamkombaphala. Kunyumba, mphindi 5 tsiku lililonse, gwirani ndodo, onani kuti madontho onse atatu akuoneka, siyani, gwiraninso, mpaka manja azipita okha. Masiku oyamba zidzamveka zolakwika ngati mwavala nsapato mosemphanitsa, ndipo manja adzafuna kubwerera kwakale pa kamphindi komaliza musanakoke ndodo. Ambiri amagwira bwino, kenako n'kusisita zala mpaka dzanja kubwerera osazindikira. Nkhope iikeni yolunjika kaye, kenako gwirani. Mukagwira kaye n'kudzatembenuza manja ndi ndodo yomwe, simunasinthe kanthu.

Pobwera poyeserera tengani 7-iron, mpira pa tee (kamtengo kokhazikapo mpira) yaifupi, mipira 30, swing yofika theka, mkono wamanzere ungofika molingana ndi nthaka. Driver ikhale m'chikwama sabata yoyamba. Musadabwe mipira ikayamba kupita kumanzere molunjika kapena kukhotera konko. Ndicho chizindikiro chakuti nkhope yatsekeka koma thupi likadali ndi chizolowezi chodulira kumanzere pothawa slice. Pamenepo gonekani ndodo ina pansi molunjika kumene mukufuna, mapazi ndi mapewa zitsatire ndodoyo, ndipo menyani ngati mukutumiza mpira kumanja pang'ono kwa mbendera. Mipira ikamatuluka chapansipansi n'kukhotera kumanzere mwamphamvu, mwapyola muyeso: bwezani dzanja lamanzere theka la kafupa, ndipo onani ngati lamanja silinalowe pansi pa chogwirira, chikhatho chitayang'ana kumwamba. Musayambe zimenezi Lachisanu pamene Loweruka muli ndi mpikisano.

Pakatha masabata atatu, ngati mukuona timafupa titatu, golovesi yasiya kubooka, koma driver ikukhoterabe kumanja, ndiye kuti chatsala ndi njira ya ndodo. Mupemphe caddie wanu akujambuleni pa foni kawiri, kamodzi ali kumbuyo kwanu moyang'ana kumene mpira ukupita, kenako ali kutsogolo moyang'anizana ndi chifuwa chanu, foni ili molingana ndi manja. Mutitumizire makanema awiriwo pamodzi ndi chithunzi cha manja anu atagwira ndodo.