Funsani a Zaumoyo: Kodi mwana angasambe ndi chikhakha?

Funso: Mwana wanga wa zaka 7 adagwa mumtengo wa mango n'kuthyoka mkono, ndipo am'manga chikhakha. Mlamu wanga wa ku Johannesburg akuti kumeneko kuli chikhakha chosaopa madzi. N'zoona? *Mayi wa ku Chirimba*

Yankho: Alamu anuwo sakunama, mayi. Chikhakha chili ndi zigawo ziwiri: cholimba chakunja ndi chofewa chamkati chokhudza khungu. Chimene chimapezeka m'zipatala zambiri kuno ndi POP, bandeji yokhala ndi ufa woyera, mkati mwake thonje. Chimatenga masiku awiri kapena atatu kuti chiumiretu, ndipo chikanyowa chimafewa n'kuyamba kunyenyeka. China ndi cha fiberglass, bandeji youma ngati pulasitiki, chopepuka, cholimba ola lisanathe.

Makolo ambiri amasokonezeka pamenepa. Fiberglass payokha siwonongeka ndi madzi, koma ngati pansi pake pali thonje, thonjelo limamwa madzi n'kuwasunga. Khungu likakhala m'chinyezi limayera, kufewa, kusupuka, kenaka zilonda zimayamba pamalo pomwe diso silifika. Chikhakha chosaopa madzi chenicheni chimakhala cha fiberglass kunja, mkati muli nsalu yapadera yosamwa madzi, monga Delta-Dry kapena AquaCast. Madzi amalowa ndithu, koma amatulukanso, otsalawo n'kuuma ndi kutentha kwa thupi. Choncho musatengeke ndi maonekedwe akunja. Funsani amene anamanga kuti mkati anaikamo chiyani.

Si mwana aliyense amene angavale chikhakha chosaopa madzichi. Sichiloledwa ngati pali bala, ulusi wa opaleshoni kapena mawaya otulukira pakhungu. Ngati fupa anachita kulikoka kuti liwongoke, kapena mkono ukadali wotupa, madokotala ambiri amayamba ndi chikhakha wamba n'kudzasintha pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Chophimba chigongono kapena chidendene chimavutanso, poti madzi amadikha pokhotapo. Ndipo n'chodula. Musadandaule mukachisowa: chimangopeputsa ntchito yosambitsa, sichifulumizitsa fupa. Mkono wa mwana wa msinkhu umenewu kawirikawiri umalumikizana pa masabata 4 mpaka 6, kaya chikhakhacho n'chamtundu wanji.

Funso: Timakhala ku Leeds, ndipo mwana wathu wamkazi am'manga chikhakha chosaopa madzi. Tikubwera kumudzi kutchuthi. Angasambire nacho m'nyanja ku Mangochi? *Bambo wa ku Britain*

Yankho: Ayi, bambo. Mchenga ukalowa mkati sutuluka wonse, umakhula khungu mpaka kusupuka, ndipo madzi a m'nyanja ndi m'mitsinje amakhala ndi tizilombo, kuphatikizapo toyambitsa likodzo. Kubafa asambe, ngakhalenso m'dziwe losambiramo lothiridwa mankhwala ngati dokotala wake walola. Akatuluka, thirani madzi oyera ambiri mkati mwa chikhakha kuti sopo achoke, lozetsani mkono pansi madzi akhe, pukutani kunja ndi thaulo. Chimauma pakatha pafupifupi ola limodzi, choncho asambe kukadali kowala, asakagone nacho chonyowa. Ngati adzakachotsera kuno, muwauze achipatala kuti mkati mulibe thonje, chifukwa nsaluyi siteteza khungu kwenikweni ku kutentha kwa macheka odulira.

Funso: Mdzukulu wanga ali ndi POP kumwendo ndipo mvula yayamba. Ndizimusambitsa bwanji? *Agogo a ku Ntcheu*

Yankho: Agogo, njira yabwino ndi kum'pukuta ndi kansalu konyowa, mwendo uli pampando kutali ndi beseni. Mukafuna kum'thira madzi, kulungani kathaulo m'mphepete mwa chikhakha, muveke majumbo awiri osabooka, n'kumata pakamwa pake ndi selotepi. Musamange ndi mphira, imatseka magazi. Jumbo imateteza madontho okha, si yomizira m'madzi, ndipo muivule akangomaliza chifukwa thukuta nalo limanyowetsa thonje.

Chikanyowa pang'ono kunja, chipukuteni chiume ndi mphepo. Osachiwamba pamoto kapena pambaula: chimasunga kutentha n'kuwotcha khungu mkati mwana asanazindikire. Chikafewa, chikang'aluka kapena thonje likanyoweratu, pitani nayeni kuchipatala pasanathe tsiku kuti akachisinthe. Kuyabwa kukam'vuta, gogodani pang'ono kunja. Timitengo, waya kapena cholembera zisalowemo, paudala ndi mafuta odzola ayinso.

Pali zizindikiro zosadikira kuti kuche: ululu wokulirakulira wosamva Panado, kulira kwambiri mukam'tambasula zala, zala zotupa, zozizira, zotuwa kapena zakuda, ndi dzanzi. Pamenepo chikhakha chathina ndipo magazi sakuyenda bwino, minofu ingawonongeke pa maola ochepa. Fungo loipa, mafinya odontha kapena kutentha thupi zikusonyeza chilonda mkati, ndipo mwana aonedwe ndi achipatala tsiku lomwelo.