Yankho kwa mayi amene ndalama za mu Excel sizikugwirizana ndi za m'kope

Mayi, mwanena kuti mwakhala mukulemba malonda anu a chimanga, soya ndi mtedza mu Excel, pulogalamu ya pakompyuta yolembera matebulo, kuyambira mu 2023, koma mukaphatikiza ndalama sizikufanana ndi za m'kope lanu, ndipo tchati chimene mwapanga sichikumveka. Anzathu ena akulangizani kuti musinthe mtundu wa tchati, koma ine ndikuona kuti vuto lagona pa mmene tebulolo lalembedwera. Musanakonze chilichonse, sungani fayilo ina yofanana nayo pambali.

Yambani mwayang'ana mbali imene manambala atsamira m'timabokosi. Ngati simunasinthe kalikonse, Excel imaika nambala yeniyeni kumanja ndipo mawu imawaika kumanzere. Mukalemba K45,000 kapena "matumba 3" m'kabokosi kamodzi, pulogalamuyi imaziona ngati mawu, ndipo fomula yophatikizira manambala ya SUM imangozidumpha osakuchenjezani n'komwe. Ndikukhulupirira kuti apa ndi pamene ndalama zanu zikusowera. Lembani 45000 basi, ndipo mawu akuti kwacha akhale pamutu pa kolamu. Kuti mutsimikize, yesani COUNT ndi COUNTA pa kolamu yomweyo kupatula mutu wake: yoyamba imawerenga manambala okha, yachiwiri imawerenga kabokosi kalikonse kamene muli kanthu, choncho mayankho akasiyana mwadziwa kuti timabokosi tolakwika ndi tingati.

Tebulo labwino limakhala limodzi, mzere uliwonse n'kuimira kugulitsa kumodzi, ndipo tsiku, mbewu, msika, makilogalamu ndi ndalama chilichonse chimakhala ndi kolamu yakeyake. Musapatse mwezi uliwonse tsamba lake, musasiye mizere yopanda kanthu pakati, ndiponso musalumikize timabokosi ndi Merge, chifukwa Sort, imene imasanja mizere, imakana kugwira ntchito pamene timabokosi talumikizidwa mosafanana. Ndowa ndi thumba la makilogalamu 50 sizingaphatikizidwe, kotero zonse zilembedwe m'makilogalamu. Maina a mbewu nawonso alembedwe mofanana, pakuti "soya" ndi "soya " yokhala ndi mpata kumapeto zidzawerengedwa ngati mbewu ziwiri. TRIM imachotsa mipata yotereyi, ndipo Data Validation imakupatsani mndandanda woti muzingosankhapo.

Nkhani ya masiku ndiyo imandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa cholakwika chake sichioneka ndi maso. Ife tikalemba 03/04/2024 timatanthauza pa 3 Epulo, koma kompyuta imene inatcheredwa mwa ku America imawerenga kuti ndi pa 4 Malichi, ndipo ikakumana ndi 25/04/2024 imaisiya ngati mawu popeza kulibe mwezi wa 25. Zotsatira zake n'zakuti malonda ena amasamukira ku mwezi wina, ena sawerengedwa m'mwezi uliwonse. Masiku amene akhala ngati mawu mungawakonze ndi Text to Columns posankha DMY (tsiku, mwezi, chaka), koma amene anatembenuzidwa kale muwayerekeze ndi kope lanu limodzilimodzi, ngakhale ndi ntchito yotopetsa. Kuyambira pano muzilemba 2024-04-03. Ngati mumasunganso manambala a foni a makasitomala, kolamu yake ikhale ya Text musanalembe, apo ayi 0 wakumayambiriro adzasowa.

Zikalongosoka, dinani Ctrl ndi T kuti Excel ione zonsezo ngati tebulo limodzi, kenako pitani pa Insert musankhe PivotTable, tebulo lophatikiza malonda anu mwachidule. Ikani mbewu pa Rows, miyezi pa Columns, ndalama pa Values, ndipo mukaona kuti yalemba Count m'malo mwa Sum, kawirikawiri ndiye kuti mwatsalabe mawu m'kolamu ya ndalama. Mukawonjezera malonda atsopano muzidina Refresh kuti PivotTable iwawerenge nawonso.

Samalaninso powerengera mtengo wapakatikati. Tiyerekeze kuti mwagulitsa thumba limodzi pa K40,000 ndi matumba 9 pa K30,000 lililonse: AVERAGE ya mitengo iwiriyi ipereka K35,000, pomwe zoona zake thumba lililonse labweretsa K31,000. Njira yolondola ndi kugawa ndalama zonse ndi matumba onse.

Tchati chimabwera pomaliza, ndipo chiziyankha funso limodzi. Pofuna kuona mmene malonda akuyendera mwezi ndi mwezi gwiritsani ntchito cha mzere, pofuna kuyerekeza mbewu gwiritsani ntchito cha mizati, ndipo mizatiyo iyambire pa 0 kuti kusiyana kochepa kusaoneke ngati kwakukulu. Chozungulira chija chogawidwa zidutswa, komanso zonse za 3D, sindikulangizani, chifukwa diso silitha kuyerekeza bwino zidutswa zoyandikana kukula.

Popeza kaundula wanu wayambira mu 2023, kumbukirani kuti mu Novembala chaka chimenecho Reserve Bank of Malawi inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya zinthu inakwera. Mzere wa ndalama ungaoneke ukukwera mu 2024 pomwe katundu amene mwagulitsa wachepa. Pangani matchati awiri, china cha kwacha china cha makilogalamu, muziike moyandikana pa miyezi yofanana, kuti muone ngati bizinesi yakuladi kapena ndi mitengo yokha imene yakwera.